Nkhulungo ya Anasimango

Mbawa yaikulu ya kumanda kwa Mlongoti inadulidwa sabata yachiwiri ya mwezi wa Juni, chaka cha 2016, anthu ambiri a m'mudzimo ali ku msonkhano wa misasa kutsidya kwa Diamphwe. Pobwerako Lolemba anapeza chitsa chachikulu choti anthu anayi n'kukhalapo, nthambi zitaunjikidwa pambali, ndi utuchi wofiira. Thunthu panalibe. Panalibenso poonetsa kuti padadutsa ngolo kapena galimoto.

Ine ndine mkamwini m'mudzimo, ndipo ndakhalamo zaka makumi atatu, zambiri mwa izo ndikuphunzitsa pa sukulu ya pulaimale. Zimene ndinaona ndi maso ndinena kuti ndinaona. Zimene ndinangomva ndinenanso kuti ndinamva.

Kwathu kuno nkhalango inatha kalekale. Mitengo yachilengedwe inatsala kumanda kokha, ndiye ukamachokera kumsewu umaona minda yambee, kenako kachigawo kakuda bii ka mbawa, misuku, miwanga ndi kachere mmodzi wamkulu. M'menemo simutengedwa kanthu, ngakhale kankhuni kouma. M'kati mwenimweni amalowamo adzukulu, amene amakumba manda. Enafe timalowamo pa maliro pokha, ndipo timatsata njira imodzi.

Esinta Kalonjere anabwera kuchokera ku Blantyre mwezi wa Febuluwale kudzadwazika mayi ake, a Dolika, omwe miyendo inatupa ndipo kuchipatala anali atawabweza kuti azikamwera mankhwala kunyumba. Ntchito yake inali yodinda zithunzi. Ankatenga laino, mphira yolimba ija kale ankayala pansi m'maofesi, n'kumaigoba ndi timipeni. Pamene wagoba pamatuluka poyera, pamene wasiya pamatuluka pakuda. Akatha ankapaka inki, n'kusanjika pepala pamwamba, n'kumalikhutiza ndi kumsana kwa supuni mpaka chithunzi chitagwira. Nyumba ya mayi ake inali yaing'ono ndi yautsi, choncho anandipempha kuti azidindira ndi kuyanika mapepala ake m'chipinda changa chakuseri, momwe ndimasunga mabuku ndi chimanga. Ndinavomera. Kiyi ankakhala ndi ine.

M'mawa uliwonse, akawasambitsa mayi ake, ankapita kukakhala pachulu cha m'mbali mwa msewu, moyang'anana ndi manda, laino ili pamwendo. Anthu ankamuseka. Amayi popita kumjigo ankamufunsa ngati akuwerenga akufa kuti nawonso alandire makuponi, iye n'kumayankha kuti akufa salimbana pamzere. Zinali nthabwala chabe.

Mbawa itadulidwa nthabwala zinatha. Wina anakumbukira kuti Esinta ankatambasula mkono, kampeni kali m'manja, diso limodzi atatsinzina, n'kumayeza mbawa ija kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Ojambula amatero pofuna kudziwa kutalika kwa chinthu, koma kwathu kumeneko ndi kuloza manda, ndiponso ndi mmene ocheka matabwa amayang'anira mtengo. Wina anakumbukira kuti iye ku msonkhano wa misasa sanapite. Winanso anati anamuona kawiri akupereka mapaketi kwa kondakitala wa minibasi yopita kutauni. Pofika Lachinayi nkhani inali itamangidwa kale: mwana wa a Dolika ankajambulira anthu a matabwa mapu a mitengo.

Mkulu wa adzukulu anali a Lufeyo Kadammanja, munthu wosalankhulalankhula, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri. Iwo sanakalipe. Anangotumiza mawu kwa a Dolika kuti mpaka nkhani ya mbawa itayera, khasu la adzukulu silidzagwira nthaka chifukwa cha munthu wa pakhomo pamenepo. Aliyense ankadziwa kuti a Dolika masiku awo anali owerengeka. Aliyense ankadziwanso chimene iwo ankapempha chaka ndi chaka, chakuti adzawagoneke pafupi ndi mkulu wawo, mayi woumba mbiya amene anamwalira kale, yemwe mudzi wonse unkangomutchula kuti Anasimango.

Tsopano ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Mwezi wa Epulo, mvula itangosiya, Esinta anandionetsa mwala womwe anatola m'ngalande ya kumunsi kwa manda. Unali wakuda, wosalala, wokwana bwino m'chikhatho, mbali imodzi itaphwathalala chifukwa chogwiritsidwa ntchito. Anati ukukhutiza pepala bwino kuposa supuni. Ine ndinauyang'ana ndi kumubwezera. Ndinazindikira kuti ndi nkhulungo, mwala wosalazira mbiya ndi pansi pozira, koma miyala yotere imatayika m'midzi monsemu, ndipo sindinaganizepo china.

Chidindo chake chachikulu, choonetsa msitu wonse wa kumanda, anamaliza kugoba mbawa isanadulidwe. Kudinda anayamba sabata imene anthu anayamba kumunena. Ankadinda pepala limodzi kapena awiri patsiku, chifukwa nthawi yambiri ankakhala pambali pa mayi ake. Akamaliza ankapukuta mwala uja n'kuusiya pawindo, ine n'kukiya.

M'mawa mwake ndinaupeza pansi, pakona. Ndinautola n'kuubwezera pawindo. Tsiku lotsatira unalinso pakona pomwepo. Pansi pa chipindacho ndi pozira ndi dothi, ndipo pamene mwalawo unali panali patayamba kuwala, kamalo kofanana ndi mbale. Ndinafunsa akazi anga ngati anayamba kukulungiza m'chipindamo. Anandiyankha kuti akanakhala ndi mphamvu zokulungiza akanayambira kuchipinda chogona, osati kwa mbewa ndi mabuku anga. Ndinayamba kuganiza kuti Esinta ali ndi kiyi wina. Pambuyo pake anandiuza kuti iyenso ankaganiza kuti ine ndi akazi anga tikumugwirira zinthu zake kuti atope achoke. Tinkapatsana moni bwinobwino, aliyense akuyang'ana manja a mnzake.

Lachiwiri la sabata yotsatira, dzuwa lili paliwombo, ndinali pakhonde ndikuwerenga. Ndinamva kukhutiza m'chipinda muja. Sikunali kwamphamvu. Kunali kozungulirazungulira, kuima pang'ono, kenako kuyambanso, ngati munthu wodziwa ntchito yake amene sakufulumira. Esinta ndinkamuona uko kwawo akuyanika zofunda za mayi ake. Kiyi anali m'thumba mwanga. Nditatsekula, phokoso linasiya. Mapepala amene Esinta anayanika pawaya ankagwedezeka pang'ono ngakhale windo linali lotseka, ndipo pakona paja powala panali patakula ngati lichero. Mbewa zimakokera zinthu pansi, izi ndikudziwa. Mbewa yokulungiza sindinaionepo, koma sindinaonenso wina aliyense.

Izi zotsatirazi ndinangomva. Akazi anga pochokera kudimba tsiku lomwelo chakumasana anakumana ndi mayi wachikulire pamphambano. Sanasenze kanthu, ndipo manja ake anali otuwa ndi dongo mpaka m'zigongono. Anawafunsa kuti mwana wa Dolika akugwirira kuti ntchito masiku ano. Akazi anga anamulozera kwathu. Mayiyo anathokoza, koma analowera njira ina, yakumunsi. Akazi anga anandiuza izi akusenda mbatata, ndipo anangowonjezera kuti m'mudzi muno woumba mbiya anatha, aliyense amatungira m'ndowa zapulasitiki. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kulowa m'chipinda chakuseri. Chimanga ndinkakatapa ndine.

Lachinayi Esinta anandiitana kuti ndione kanthu. Anali atayala pansi mapepala khumi ndi awiri motsatana ndi mmene anawadindira. Chidindo chimodzi chimabala zithunzi zofanana, ngati sitampa ya ku ofesi. Koma apa, patsinde pa kachere, pamene pa pepala loyamba panali pakuda bii, pa lachitatu panali kamzere koyera. Pa lachisanu ndi chimodzi timizere tinali tingapo, togona, tosanjikizana. Pa lomaliza panali mulu. Ndinayendetsa chala pa laino pamalo amenewo. Panali posalala, kampeni sikanadutsepo. Esinta anadinda pepala lina pamaso panga ndi supuni, ndipo patsinde pa kachere panatuluka pakuda. Anadindanso lina ndi mwala uja, mizere inatuluka.

Ndinamuuza kuti mwina mwalawo uli ndi kadzenje kamene kakulumpha malo ena, kapena laino inafewa ndi dzuwa. Anandifunsa chifukwa chake kadzenjeko kakulumpha malo amodzimodzi nthawi zonse. Kenako anandiuza kuti mayi ake, amene sankadziwa kanthu za mwalawo, anadzuka masana a Lachiwiri n'kumuuza kuti atseke wailesi, chifukwa achemwali awo akukulungiza ndipo sakonda phokoso akamagwira ntchito.

Adzukulu anabwera Loweruka m'mawa, onse asanu, kudzaona mapu ankanenedwa aja. A Lufeyo anali patsogolo. Kumbuyo kunali Yotamu, wamng'ono pa onse koma bambo wa ana anayi, wodziwika ndi pakamwa. Atangolowa anaona pakona paja.

"Aphunzitsi, mwazira bwino chonchi, mukuyembekeza mkazi wachiwiri kodi? Mutiuze msanga tikonzeke."

Awiri anaseka. A Lufeyo sanaseke. Anali atawerama, ndipo pamene ankaweramuka mwala uja unali m'manja mwawo. Anautembenuza kawiri. Anafunsa Esinta kumene anautenga, iye n'kunena zoona zake, kuti m'ngalande ya kumunsi, madzi atakokolola.

"Mwala uwu ndinausanjika ndine pamanda a Anasimango, pamodzi ndi phale la mbiya yawo," anatero a Lufeyo. "Ndinali ndisanamere imvi. Ndiye iwe mwana wa Dolika, za mtengo ukuti sukudziwa. Nanga ichi?"

Esinta anagwada. Anati sankadziwa, ndipo akanadziwa sakanaugwira n'komwe. Mmodzi wa adzukulu anati wotenga mwala pamanda sangaope mtengo. Ndinaona kuti nkhani yaipiratu, ndipo ndinaganiza za a Dolika ali gone uko akudikira.

A Lufeyo anapempha kuona mapuwo. Esinta anawapatsa pepala lomaliza lija. Analitengera pakhomo pomwe panali kuwala, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati chithunzicho n'chabodza, chifukwa ukaima pachulu njira yolowera kumanda imakhala kumanzere, mbawa kumanja, koma apa zonse zatembenuka.

Esinta anafotokoza kuti chidindo chimatero. Anapaka inki pang'ono pachikhatho chake chamanja, n'kuchidinda papepala, n'kuwaonetsa kuti chala chachikulu chapita mbali ina. Anati pojambula nyumba kapena malemba munthu amayenera kugoba chotembenuza kuti zidzatuluke bwino, koma iye sanavutike nazo, chifukwa kumene anaphunzira ntchitoyi anamuuza kuti mitengo ilibe kumanja kapena kumanzere.

"Anakunamiza," anatero a Lufeyo. Anayang'ananso pepalalo, ndipo mawu awo anatsika. "Uku sikutembenuka. Umu ndi mmene msituwu umaonekera ukakhala m'kati. Tikamakumba kumtunda kuja n'kudzutsa mutu kuyang'ana kumudzi, njira imakhala uku, mbawa uku. Unalowamo liti iwe?"

Esinta anati analowamo kamodzi, pa maliro a bambo ake, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankangoyang'ana pansi.

Pamenepa ndiyenera kunena kuti zimenezi sizodabwitsa. Mzere wa mitengo ukauonera kuseri umatembenuka, monganso umatembenukira pa chidindo. Ndikanatha kunena zimenezi tsiku lija, koma palibe anandifunsa, ndipo a Lufeyo chala chawo chinali chitafika kale patsinde pa kachere.

Anafunsa kuti mizere yoyerayo ndi chiyani. Esinta anati sakudziwa, sanaigobe ndiye. Anawapatsa laino kuti akhudze okha. Anakhudza. Anaitana anzawo kuti aone. Anayi aja anaunjikana pakhomo, ndipo ndinaona kuti ataona pepalalo palibe anayang'ana mnzake.

Ndinadzamva pambuyo pake chimene iwo anaona nthawi yomweyo. Kuseri kwa kachere, mbali ya m'kati, kuli dzenje lakale lomwe adzukulu amatayamo mipini yothyoka ndi makasu otha. Kuchokera kumsewu silioneka. Kuchokera panjira ya maliro silionekanso. Ine zaka makumi atatu sindinkadziwa kuti liliko.

A Lufeyo anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la jekete, mwala m'thumba lina. Anati tiyeni. Ine ndi Esinta anatiuza kuti tidikire pachulu. Tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu. Kunkawomba mwera. M'msitumo simunkamveka mawu a munthu, ngakhale nkhwangwa kapena mbalame.

Potuluka sanayende pamodzi monga analowera. Aliyense anali payekha, motalikirana. A Lufeyo anabwera pachulu, utuchi wofiira uli m'mawondo mwa buluku lawo, n'kunena kuti m'dzenjemo muli matabwa khumi ndi asanu ndi anayi, ochekedwa bwino, atawafunditsa masamba. Mtengowo sunatuluke m'manda. Amene anaudula ankadikira kuti nkhani izizire.

Mizere ya pa mapepala otsala ndinaiwerenga kangapo masiku otsatira. Nthawi ina ndinapeza khumi ndi isanu ndi iwiri, nthawi ina makumi awiri. Sindinganene kuti inafanana ndi matabwa.

Yotamu ndiye anayamba kulankhula. Anati ngati mayiyu wajambula pamene pali matabwa, ndiye kuti ankadziwa pamene pali matabwa, nkhani yavuta pati?

"Chabwino," anatero a Lufeyo. "Ndiye tiuze, dzenje lija anamuonetsa ndani? Timalidziwa ndife asanu. Ndipo macheka ochekera matabwa sagwira munthu mmodzi, Yotamu. Wina amakhala pamwamba, wina pansi."

Yotamu anati iye sabata imeneyo anali ku misasa, anthu anamuona akuimba. Wina anati Loweruka sanamuone. Yotamu anati nayenso wonenayo Lachisanu anasowa, akuti kukaona ng'ombe. A Lufeyo anakweza dzanja, mkangano n'kuthera pomwepo. Ine ndinakumbukira kuti a Lufeyo eniakewo ku misasa sanapite, chifukwa cha msana. Ndikukhulupirira kuti ena anakumbukiranso zomwezo.

A Lufeyo anatembenukira kwa Esinta n'kumuuza kuti avule nsapato. Anamupatsa mwala uja kuti aunyamule ndi manja awiri, n'kulowa naye m'manda iwo ali patsogolo. Esinta anandiuza kuti pamanda a Anasimango phale la mbiya linali pomwepo, ndipo pambali pake panali kadzenje m'nthaka, kouma, kopanda tsamba ngakhale limodzi, ngakhale kuti pena ponse masamba anali mbwee. Mwalawo unakwanamo ndendende. A Lufeyo anaomba m'manja katatu mofatsa, n'kuyankhula mawu ochepa omwe iye sanawamve bwino. Pobwerera anamuuza kuti akawauze mayi ake kuti malo awo alipo, ndipo khasu lidzagwira.

A Dolika atamva anangoti ankadziwa, n'kupempha phala.

Anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi, m'mawa. A Lufeyo analamula kuti bokosi likhomedwe ndi matabwa a mbawa ija, ndipo kalipentala anakagwirira ntchito m'mphepete mwa manda, chifukwa mtengo wa kumeneko sukanayenera kulowa m'mudzi usanakhale bokosi. Adzukulu anakumba onse asanu. Amene anawapititsira chakudya anati sanamvepo adzukulu akukumba mwakachetechete chotero. Mwambo wawo ndi kunyozana ndi kuseka, koma tsiku limenelo kunkangomveka makasu. A Dolika anagona kumanja kwa mkulu wawo, ukaonera m'kati.

Esinta anabwerera ku Blantyre atameta maliro. Mapepala aja anapita nawo, kupatula limene a Lufeyo anasunga. Chidindo anandisiyira, akuti sakufuna kuchidindanso. Ndinachidinda kamodzi ndekha ndi supuni, mmene ndinkamuonera akuchitira. Msitu unatuluka wonse, mbawa itaima pamalo pake, patsinde pa kachere pali bii.

Matabwa otsala ali m'dzenje momwemo, ndipo amatengedwa pakagwa maliro a munthu wosauka. Pachitsa paja a Lufeyo anadzalapo mbawa zitatu, ziwiri zinagwira. Amene anadula mtengo sanatchulidwe mpaka lero. Adzukulu akadali asanu omwewo, koma fodya aliyense amasuta wake. Pakona pa chipinda changa pakadali powala, kukula kwake ngati lichero, ndipo sipanakulenso.